Mafunso ndi Mayankho: Ulemu ndi Chitetezo Pamsewu wa Mumzinda

Mumzinda, msewu umodzi womwewo umanyamula anthu osiyana mphamvu kwambiri. Wina ali m'chitsulo cholemera kuposa tani, wina ali pa njinga yoti munthu angathe kuinyamula ndi dzanja limodzi, wina alibe chomuteteza kupatula khungu lake. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabuka anthu atatuwa akayamba kulozana zala. Zilango ndi zikwangwani zimasiyana dziko ndi dziko, choncho pa zimenezo tsatirani buku la malamulo a pamsewu la kwanuko. Pano tikukamba zimene sizisintha kulikonse kumene tayala likugudubuzika.

Poti malamulo alipo kale, ulemu ukubweranso pati?

Lamulo limakuuzani woyenera kudutsa poyamba. Silikuuzani chochita agogo akafika pakati pa msewu maloboti n'kusintha, kapena wapanjinga akapatuka mwadzidzidzi pozemba dzenje limene inu simunalione. Pamenepo ndi pamene khalidwe limagwira ntchito.

Koma tisasokoneze zinthu. Ulemu wa pamsewu si kukoma mtima kongopatsana mpata paliponse. Chachikulu ndi kuchita zimene anzanu akuyembekezera kuti muchita: kuyatsa indiketa nthawi ikadalipo, kukhala mumzere wanu, kuima pamene aliyense akudziwa kuti muima. Dalaivala amene amaponda mabuleki mkati mwa raundabauti kuti alowetse mnzake, pamene mpatawo unali wake, amaoneka ngati munthu wabwino, komatu wadzidzimutsa onse a kumbuyo kwake. Munthu waulemu pamsewu ndi amene anzake angathe kudziwiratu maganizo ake asanachite kanthu.

Ndani ali ndi udindo waukulu: wagalimoto, wapanjinga kapena woyenda pansi?

Aliyense ali ndi mbali yake, koma katunduyo salingana. Amene angavulaze kwambiri ndiye asenze wolemera. Woyenda pansi akalakwitsa, kawirikawiri wovulala ndi iye mwini. Dalaivala akalakwitsa, wokagona m'chipatala amakhala wina. Dziko la Britain linaika mfundoyi m'buku lake la malamulo a pamsewu mu Januwale 2022: woyendetsa lole ali ndi udindo woposa wa galimoto yaing'ono, wagalimoto woposa wa wapanjinga, wapanjinga woposa wa woyenda pansi. Izi sizikupereka ufulu kwa woyenda pansi woti azingolowa mumsewu ngati nkhuku. Zikungovomereza kuti munthu amalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwa kamphindi sikuyenera kulipiridwa ndi moyo pamene wa pa chiwongolero akanatha kuchepetsa liwiro.

Ndipo dalaivala aliyense akangotseka chitseko cha galimoto yake n'kuyamba kuwoloka, wasanduka woyenda pansi yemwe uja ankamulizira hutala.

Kodi vutoli ndi lalikulu chotani?

Malinga ndi lipoti la 2023 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse. Kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, palibe matenda amene amapha kuposa msewu. Oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi a njinga zamoto, anthu amene sanali m'galimoto n'komwe. Zinayamba choncho kuyambira kale: mu Ogasiti 1896, magalimoto akadali owerengeka, mayi wina dzina lake Bridget Driscoll anagundidwa akuyenda pansi ku Crystal Palace mu London, ndipo amadziwika kuti ndi woyenda pansi woyamba kuphedwa ndi galimoto ku Britain.

Liwiro la makilomita 50 pa ola si lalikulu. N'chifukwa chiyani anthu ena akuumirira 30?

Mukakhala m'galimoto, mawindo otseka, wailesi ikulira, 50 imamveka ngati mukukwawa. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Pa makilomita 50 pa ola, galimoto imayenda pafupifupi mamita 14 pa sekondi iliyonse. Pa 30 imayenda mamita 8. Mwana akatumphuka kuseri kwa basi, maso amaona, ubongo n'kuzindikira, phazi n'kuchoka pa mafuta kupita pa buleki. Kwa dalaivala watcheru zimenezi zimatenga pafupifupi sekondi imodzi, ndipo nthawi yonseyo galimoto ikuyendabe ndi liwiro lomwe lija. Kenako mabuleki amafunanso mtunda wawo, ndipo mtunda umenewu sukula mofanana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wa mabuleki umawirikiza kanayi. Pa msewu wouma, wa 30 amaima pa mamita pafupifupi 13. Wa 50 amafuna mamita pafupifupi 28.

Tsono onani apa. Pamalo pamene wa 30 waima kale, mwana n'kumuyang'ana ali njenjenje koma wamoyo, wa 50 amakhala asanayambe n'komwe kuponda buleki. Amamugunda ndi liwiro lonse. A WHO amanena kuti liwiro likachoka pa 50 kufika pa 65, chiopsezo choti woyenda pansi wogundidwa amwalire chimawirikiza kanayi ndi theka.

Nanga phindu la kuthamangako n'lotani? Ulendo wa makilomita 5 pa liwiro la 50 umatenga mphindi 6. Pa 60 umatenga mphindi 5. Mphindi imodzi yokha, imene nayonso mukaitaya pa maloboti otsatira, mutaima pafupi ndi yemwe munamupitirira mwaukali uja. Akuluakulu ankati kuthamanga sikufika.

Ilipo mizinda imene inayesa zimenezi n'kuona kusintha?

Ilipo. Nyumba ya malamulo ya ku Sweden inavomereza mu 1997 ndondomeko yotchedwa Vision Zero, imene maziko ake ndi akuti popeza munthu adzalakwitsabe, msewu umangidwe mwakuti kulakwitsako kusaphe. Mu 2019, mizinda ya Oslo ku Norway ndi Helsinki ku Finland inatha chaka chathunthu popanda woyenda pansi ndi mmodzi yemwe wophedwa ndi galimoto. Mu 2020 nduna za maiko ambiri zitakumana ku Stockholm zinalimbikitsa liwiro la 30 pamalo pamene magalimoto amasakanikirana ndi anthu, ndipo mu 2021 mizinda ya Brussels ku Belgium ndi Paris ku France inatsitsa liwiro kufika pa 30 m'misewu yambiri.

Anthu amaganiza kuti ku Netherlands anabadwa akukonda njinga. Ayi ndithu. Mu 1971 anthu oposa 3,000 anafa pamisewu ya dzikolo, ana oposa 400 ali momwemo. Makolo anakwiya n'kuyambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana, ndipo njira za njinga zimene alendo amasirira lero zinakula kuchokera ku mkwiyo umenewo. Ndikutchula izi chifukwa ulemu pawokha sukwanira. Msewu wotakata, wowongoka, wopanda powolokera umaitana liwiro, kaya oyendetsawo analeredwa bwino chotani.

Pamalo owolokera a mizere yoyera, ayambe ndani?

Woyenda pansi. M'maiko ambiri dalaivala ayenera kuima munthu akaponda pamizerepo, ndipo m'maiko ena ayenera kuima ngakhale munthuyo akungodikira m'mphepete. Mizere imeneyi, imene ambiri amaitcha zebra, inayamba kujambulidwa mwalamulo ku Britain mu 1951. Koma utoto suimitsa galimoto. Woyenda pansi aonetsetse kuti galimoto yachepetsadi liwiro, ayang'ane dalaivala m'maso ngati n'kotheka, ndipo awoloke molunjika, osathamanga komanso osazengereza.

Ngozi yoopsa kwambiri pamalo amenewa ndi ya galimoto yachiwiri. Galimoto yoyamba yaima bwinobwino, munthu wayamba kuwoloka, koma mumzere wina mukubwera ina imene dalaivala wake sakumuona chifukwa wabisika. Choncho mukaona galimoto yaima pafupi ndi powolokera, musaipitirire, ngakhale simukuona chimene yaimira. Yaimira munthu. Woyenda pansi nayenso mzere uliwonse auone ngati msewu wawokha: akafika pa mphuno ya galimoto yoima, asuzumire kaye.

Ndikaima, kodi ndi bwino kumukodola munthu kuti awoloke?

Samalani nazo. Mukakodola ndi dzanja kapena kuphethiritsa nyali, munthu amamva kuti njira yonse ili bwino, makamaka mwana. Inu mukudziwa za galimoto yanu yokha. Imani, khalani chete, musiyeni aone yekha.

Kopanda njira ya oyenda pansi, ndiyende mbali iti?

Yendani moyang'anizana ndi magalimoto, kuti muziona chimene chikubwera ndipo muthe kudumphira kumbali. Mukakhala ambiri, ndandani mmodzi kumbuyo kwa mnzake. Usiku kumbukirani kuti inu mumaona nyali za galimoto ikadali kutali, koma dalaivala sakuonani mpaka atafika pafupi, makamaka ngati mwavala zakuda kapena nyali za galimoto ina zamuthobwa m'maso. Chovala chowala, kansalu konyezimira kapena tochi ya pafoni zimathandiza. Ambiri amene amagundidwa usiku amakhala akukhulupirira kuti aonedwa kale.

Bwanji apanjinga ena sayenda m'mphepete penipeni? Kodi si matama?

Kawirikawiri ayi. M'mphepete mwa msewu ndi mmene mumasonkhana mchenga, magalasi osweka, madzi, zivindikiro za ngalande ndi maenje. Tayala la galimoto limangodutsa, la njinga limaphulika kapena kuterereka. Wapanjinga amene wakakamira kumphepete alibe kothawira, ndipo akapatuka pang'ono amalowa kutsogolo kwa galimoto mosayembekezereka. Ndi bwino ayende mzere wowongoka, atasiya mpata pang'ono kuchokera kumphepete.

Pali malo enanso amene wapanjinga wodziwa amalowa dala pakati pa mzere: pamsewu wopanikizika woti galimoto singamupitirire bwino, poyandikira mphambano, ndi pa raundabauti. Akutero kuti aoneke, komanso kuti mumve kuti pano si popitirirana. Mpata ukapezeka, nayenso abwerere kumbali n'kulola a kumbuyo adutse. Kusunga mzere wautali wa magalimoto pamene pali poti n'kupatukira ndi mwano womwewo umene amadandaula kuti akuchitiridwa.

Popitirira njinga ndisiye mpata waukulu bwanji?

Osachepera mita imodzi ndi theka, ndipo wokulirapo ngati liwiro lili lalikulu kapena kukugwa mvula. Muyeso umenewu uli m'malamulo a maiko angapo, monga Spain ndi Germany. Njinga siyenda ngati pa njanji. Imagwedera, mphepo imaikankha, ndipo mpweya wa basi kapena lole yodutsa pafupi ungathe kuigwetsa osaikhudza. Ngati mpata wotere palibe, ndiye kuti nthawi yopitirira sinakwane. Dikirani masekondi angapo.

Cholakwa china chofala ndi kupitirira njinga kenako n'kukhota pompo kutsogolo kwake. Ngati mukhota posachedwa, khalani kumbuyo kwake, iye adutse mphambanoyo, inu mukhote pambuyo.

Galimoto yoima ingavulaze bwanji wapanjinga?

Ndi chitseko. Munthu waimika galimoto, maganizo ali kale kumene akupita, wakankha chitseko, wapanjinga n'kudziwomba pamenepo kapena kupatukira kutsogolo kwa basi. Njira yopewera ndi yosavuta moti imachititsa manyazi: tsegulani chitseko ndi dzanja lakutali nacho. Thupi limatembenuka lokha ndipo maso amayang'ana kumbuyo. Njirayi imadziwika ndi dzina loti Dutch Reach. Aphunzitseninso okhala kumbuyo, chifukwa iwo alibe galasi loonera. Wapanjinga naye podutsa magalimoto oima asiye mpata wokwana chitseko chotseguka, ndipo akaona mutu wa munthu mkati kapena nyali zakumbuyo zitangozima, akonzeke.

Lole ndi basi zili ndi magalasi akuluakulu. Zimalephera bwanji kuona munthu?

Dalaivala wa lole amakhala pamwamba. Munthu woima pafupi ndi bampala yakutsogolo samuona. Wapanjinga amene ali m'mbali, makamaka mbali yakutali ndi dalaivala, amatha kusowa m'magalasi onse. Kumbuyo ndiye kulibiretu maso. Ngati simukuona nkhope ya dalaivala pagalasi lake, dziwani kuti iyenso sakukuonani.

Choopsa kwambiri ndi pokhota. Galimoto yaitali imayamba yatulukira mbali ina kuti ipeze mpata, ndipo pakati pa iyo ndi mphepete pamatseguka kanjira kooneka ngati kakuitana. Wapanjinga akalowa mmenemo, matayala akumbuyo, amene amadula njira yachidule kuposa akutsogolo, amatseka kanjirako iye ali mkati. Musalowe m'mbali mwa lole kapena basi pamphambano, ngakhale itaima pa maloboti. Khalani kumbuyo kwake.

Nanga apanjinga amene amaphwanya malamulo, mukuwasiya?

Ayi. Njinga ndi chokwera cha pamsewu ndipo malamulo amaikhudza. Kudutsa getsi lofiira, kuyenda usiku popanda nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, kukhota osatambasula dzanja, mabuleki oti amagwira ndi chidendene, zonsezi n'zolakwika. Kuyenda mosemphana ndi magalimoto ena amakuyesa nzeru, poganiza kuti akuchita ngati oyenda pansi. Si choncho. Dalaivala wotuluka pamphambano amayang'ana kumene magalimoto amachokera, sayembekezera chinthu chothamanga kuchokera mbali inayo, ndipo mukagundana maso ndi maso liwiro lanu ndi lake zimaphatikizana.

Pakati pa oyenda pansi, wapanjinga ndiye wamkulu, ndipo udindo uja wagwera iye. Achepetse liwiro, alize belu akadali patali, osati atafika pakhutu pa munthu. Chipewa chodzitetezera chimachepetsa kuvulala kwa mutu munthu akagwa, choncho valani ndipo mangani lamba wake. Koma sichinapangidwe kuti chilimbane ndi lole, ndipo dalaivala asaone chipewa ngati chilolezo chodutsa pafupi.

Hutala ndi ya chiyani?

Yochenjeza munthu amene sanakuoneni. Si yotukwanira, si yothamangitsira wokalamba pamizere, si yodzutsira wa kutsogolo getsi likangosintha. Kumbuyo kwa njinga ndiye samalani kwambiri, chifukwa munthu wodzidzimuka amagwedeza chiwongolero.

Indiketa ndiye yosagwiritsidwa ntchito mokwanira. Ambiri amaiyatsa akaona galimoto ina, ngati kuti woyenda pansi amene akudikira pakona safuna kudziwa kumene mukulowera. Komanso indiketa ndi pempho, si lamulo. Kuyatsa sikutanthauza kuti mpata mwapatsidwa.

Ndimangoyang'ana foni kamphindi. Pali vuto?

Masekondi atatu pa liwiro la 50 ndi mamita oposa 40 oyenda mutatsinzina. A WHO amanena kuti dalaivala wogwiritsa ntchito foni ali ndi chiopsezo cha ngozi chowirikiza pafupifupi kanayi, ndipo kulankhula osaigwira m'manja sikuchepetsa kwenikweni chiopsezocho, chifukwa chimene chachoka pamsewu ndi maganizo. Woyenda pansi naye aweramuke pa foni powoloka, ndipo wapanjinga asatseke makutu onse ndi nyimbo, popeza makutu ndiwo galasi lake loonera kumbuyo.

Za mowa sitichulutsa mawu. A WHO amalimbikitsa malire a magalamu 0.05 a mowa pa desilita ya magazi, ndi ocheperapo kwa madalaivala atsopano, koma kuganiza kumayamba kufooka munthu asanafike pamenepo. Khofi, madzi ozizira kapena kugona ola limodzi sizichotsa mowa m'magazi. Imachotsa ndi nthawi yokha.

N'chifukwa chiyani madalaivala ambiri akagunda munthu amati "sindinamuone"?

Nthawi zambiri akunena zoona, ngakhale kuti zoonazo siziwachotsera mlandu. Munthu akafika pamphambano, ubongo umafunafuna chimene chingamuvulaze, ndiye magalimoto. Njinga, njinga yamoto kapena munthu wapansi amatha kukhala pamaso penipeni koma osalowa m'mutu. Chipilala cha pakati pa galasi lakutsogolo ndi chitseko nachonso chimabisa munthu wathunthu. Mankhwala ake ndi kuyang'ana kawiri, kusuntha mutu m'malo mongoponya diso, ndi kudzifunsa mwadala kuti kodi pali njinga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ana ndi okalamba ndiwatenge mosiyana?

Inde. Mwana wamng'ono sadziwa kuyerekeza liwiro ndi mtunda wa galimoto, ndi wamfupi moti amabisika kuseri kwa galimoto yoima, ndipo akaona mnzake kutsidya amangothamanga. Mpira ukagubudukira mumsewu, mwini wake ali m'mbuyo. Pafupi ndi sukulu kapena basi yotsitsa anthu, phazi likhale kale pa buleki. Wokalamba, woyenda ndi ndodo, wa pa njinga ya olumala kapena wosaona amafuna nthawi, ndipo kulizitsa injini pamene iye akuwoloka sikumuwonjezera miyendo. Kuimika galimoto panjira ya oyenda pansi, ngakhale mphindi ziwiri, kumakankhira anthu amenewa mumsewu.

Wina akandichitira mwano, ndingomusiya?

Musiyeni apite. Wokupanikizani kumbuyo mpatseni njira pamalo abwino, ndipo inu siyani masekondi osachepera awiri pakati pa inu ndi wa kutsogolo, kuwirikiza mvula ikamagwa. Kuthamangitsana, kumutsekera njira kapena kutsika m'galimoto kuti mukambirane sikunaphunzitsepo munthu kuyendetsa bwino. Komanso zambiri zimene timaziyesa mwano zimakhala za mlendo wosochera kapena wophunzira amene manja akunjenjemera. Mukalakwitsa ndinu, kwezani dzanja mopepesa. Mkwiyo wambiri umathera pomwepo.

Manyazi nthawi zina amagwira ntchito kuposa ukali. Antanas Mockus atakhala meya wa Bogotá, likulu la dziko la Colombia, mu 1995, anaika m'misewu anthu ochita zisudzo zopanda mawu, atapaka nkhope utoto woyera, kuti azitsanzira monyoza madalaivala oima pamizere yowolokera ndi oyenda pansi odumpha paliponse. Anthu ankaseka, wolakwayo n'kubwerera m'mbuyo.

Ngozi ikachitika, choyamba n'chiyani?

Imani. Kuthawa ndi mlandu pafupifupi kulikonse, ndipo mphindi zoyambirira ndi zimene zimapulumutsa wovulala. Yatsani nyali zochenjeza, ikani chizindikiro patali kuti galimoto ina isawombe anthu amene asonkhana, zimitsani injini, kenako imbirani ambulansi ndi apolisi n'kunena malo enieni ndi chiwerengero cha ovulala. Ngati khamu likuopseza moyo wanu, pitani molunjika kupolisi yapafupi mukanene.

Wovulala musamusunthe pokhapokha ngati pamene wagonapo pali moto kapena magalimoto oti amuponda, chifukwa khosi kapena msana ukhoza kukhala utathyoka. Ngati kumunyamula sikungapeweke, mutu, khosi ndi thupi ziyende pamodzi ngati thabwa. Pamene pakutuluka magazi psinjani ndi nsalu yoyera ndipo musaleke. Musamupatse madzi kapena chakudya, popeza mwina akufunika opaleshoni. Chipewa cha wanjinga yamoto chisavulidwe ngati akupuma bwino. Ndipo amene wamenyetsa mutu, ngakhale adzuke n'kumasasa fumbi akuti ali bwino, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Magazi otayikira mkati mwa mutu amatha kukhala maola angapo asanaonetse chizindikiro chilichonse.